Phewa laguluka koyamba: opareshoni kapena chitenje pakhosi basi? Mafunso ndi mayankho

Chigulukireni phewa mnyamata wina wa timu yathu ya sosho ku Chinamwali mwezi wathawu, foni yanga sikupuma. Anthu amadziwa kuti ine langa lamanja linaguluka ka 6 ndisanapite ku mpeni, nde aliyense akufunsa ine ngati ndine adokotala. Sindine dokotala chonde, ndine munthu amene ndatha mabenchi a chipatala ndipo ndimafunsa mafunso mpaka kutopetsa ma clinical officer. Ndati bola ndingoika mafunso onse pamodzi, amene akufuna aziwerenga yekha, koma phewa lanu akaone ndi achipatala, osati Facebook.

Kuguluka phewa nde kuti chani, si kubinya komweko?

Ayi, nzosiyana. Kubinya fupa limakhala lili mmalo mwake, zangokokeka ndi zomangira zake. Kuguluka mutu wa fupa la mkono umachokeratu pamalo pake.

Taganizani chonchi. Fupa la mchiuno lili ngati munsi mu mtondo, linalowa mkati ndithu, kuti lichoke pamafunika ngozi yaikulu ngati ya galimoto. Phewa nde lili ngati mtsuko umene wakhala pa nkhata. Pokhalapo pake mposaya, mutu wa fupa ndi waukulu kuposa pamene wakhalapo, chimene chikuugwira ndi kankhata ka mnofu wolimba kozungulira mmphepete, kuphatikiza zomangira ndi minofu. Nchifukwa chake mkono umatha kuzungulira mbali zonse, kukanda kumsana, kuponya mwala, kupachika zovala pa chingwe. Koma nchifukwa chakenso pa malo akuluakulu olumikizira mafupa mthupi, phewa ndi lomwe limaguluka kwambiri. Pa anthu 100 oguluka, 95 kapena kuposa limapita kutsogolo.

Ine koyamba ndinali ndi zaka 19, ndili pagolo. Kona inabwera, ndinakweza mkono kuti ndiumenye mpira, wina anandigunda mkonowo kuukankhira kumbuyo uli mmwamba choncho. Ndinangomva guu mkati. Podzuka phewa silinali lozungulira ngati linzake, linali la ngodya ngati kona ya tebulo, pansi pa ngodyapo pali kadzenje koti chala chimalowa, mkono utatalikira pang'ono ndi nthiti ndipo sindimafuna olo ntchentche iterepo. Ukaona munthu wanyamula mkono wake ndi dzanja linalo ngati khanda, wapendekekera mbali yomweyo, dziwa kuti mwina ndi zimenezi.

Anyamata akuti alikoke pagraundi pomwepo lilowe, ndilole?

Musalole achimwene. Njira ija yoponda phazi mkhwapa nkukoka mkono ndi yakalekale, analemba ndi Hippocrates ku Greece zaka zoposa 2,000 zapitazo, ndipo masiku ano achipatala ambiri anaisiya. Vuto ndi loti inu simukudziwa ngati fupa lathyokanso, ndipo mkhwapamo mumadutsa mitsempha ya magazi ndi mitsempha yoyendetsa mkono wonse. Munthu wa mphamvu za ku jimu akakoka molakwika, kuguluka wamba kumasanduka kuthyoka.

Chochita nchosavuta. Pindani chitenje, muchikolowetse pakhosi chinyamule mkono mmene ulili momwemo, osaukakamiza kuti ugunde pamimba ngati sukufuna. Musadye, musamwe, makamaka mowa woti eti uphe ululu, chifukwa kuchipatala mwina akupatsani mankhwala ogonetsa ndipo mmimba mumafunika mukhale mopanda kanthu. Kenako ulendo wa ku Zomba Central Hospital. Ngati pali galimoto bola galimoto, ine ndinakwera kabaza ndipo bampu iliyonse ndinaiwerenga.

Kumeneko amayamba aona ngati zala zikugwira ntchito, ngati magazi akufika kudzanja, amajambula X-ray, amakupatsa jakisoni nkulibwezeretsa mwaulemu, kenako kujambulanso kuti atsimikize. Likangolowa ululu umatsika nthawi yomweyo, mpaka umafuna kuwapsompsona adokotala.

Musagone nalo. Maola akamapita minofu imauma gwa ndipo kubwezeretsa kumavuta. Pakatha masabata 3 lili kunja, nthawi zambiri sililowanso ndi manja, pamafunika kung'amba.

Alibwezeretsa, sindikumvanso kuwawa kwambiri. Nkhani yatha eti?

Apa mpamene ambiri timanamizika. Mtsuko wabwerera pa nkhata inde, koma nkhatayo ili bwanji? Mwa achinyamata ambiri, fupa potuluka limang'amba kankhata kaja kutsogolo chakumunsi nkukachotsa pa fupa. Bala limeneli amalitchula dzina la Bankart, dokotala wa ku England amene analifotokoza mu 1923. Komanso mutu wa fupa lija, pogunda mmphepete mwa pokhalapo pake, umatha kutiphwanyika kumbuyo kwake ngati mmene imachitira ndowa ikagwa pa mjigo. Chimenecho amati Hill-Sachs, mayina a madokotala awiri a ku America amene analemba za icho mu 1940.

Nde kankhata kaja kakapanda kumerera pamalo pake penipeni, chitseko chimakhala chatsala chosakhoma. Tsiku lina ukungovala malaya kapena kutambasula mkono kutulo, basi latulukanso.

Nde funso lenileni, ndipange opareshoni kapena ndingopanga mafizo?

Yankho limadalira zinthu zitatu: zaka zanu, zimene zawonongeka mkatimo, ndi ntchito imene mkonowo umagwira. Koma chachikulu pa zitatuzi ndi zaka, ndipo zimayenda mosemphana ndi mmene timaganizira. Ife timati mwana amachira msanga. Pa phewa, ukakhala wamng'ono mpamene limakonda kubwereza.

Ku Edinburgh ku Scotland madokotala anatsatira anthu 252 a zaka 15 mpaka 35 amene anaguluka koyamba ndipo sanapangidwe opareshoni. Zotsatira zinatuluka mu 2006: pomatha zaka 2, pafupifupi 56 pa 100 aliwonse phewa linali litayambanso kuvuta, pomatha zaka 5 anafika 67 pa 100. Amene anali pamoto kwambiri ndi anyamata achichepere. Ku Sweden dokotala wina dzina lake Hovelius anayamba kutsata odwala ake mu 1978 nkuwatsata zaka 25 zathunthu, kupirira kwake eti. Anapeza kuti pafupifupi theka silinawavutitsenso kapena linangobwereza kamodzi, koma mmodzi mwa 4 aliwonse anathera ku opareshoni.

Nanga akachita opareshoni koyamba pomwepo? Ku Canada mu 1999 anagawa anthu 40 osapitirira zaka 30 mmagulu awiri. Amene anangomangidwa nkupanga mafizo, 47 pa 100 linagulukanso mkati mwa zaka 2. Amene anapangidwa opareshoni yosoka kankhata kaja, 16 pa 100. Ku Denmark anachita zofanana nkudikira zaka 10, ndipo kwa osasokedwa linabwereza 62 pa 100, kwa osokedwa 9 pa 100.

Nde ine maganizo anga ndi awa, ndipo ndikunena ngati munthu amene ndinachedwa. Ngati muli pansi pa zaka 25, makamaka mwamuna, ndipo mumasewera mpira wogundana, ndinu goloboyi, mumasewera ntchemberembaye kapena basiketi, kapena ndinu msilikali wa ku Cobbe Barracks amene ntchito yake ndi kukwera zingwe ndi kudumpha makoma, nkhani ya opareshoni muiyambitse pa ulendo woyamba womwewo. Sindikuti akung'ambeni mawa, ndikuti mufunse, akutumizeni kwa dokotala wa mafupa akuoneni bwinobwino. Musadikire kuti liguluke ka 5 kaye. Ulendo uliwonse likatuluka limapala fupa la mmphepete muja pang'onopang'ono, dzenje la kumbuyo lija limakula, ndipo opareshoni imene ikanakhala yongosoka imasanduka yoika fupa.

Ngati muli ndi zaka 30 kupita mtsogolo, ntchito yanu ndi ya choko kapena kompyuta, mpira mumaonera pa TV, X-ray sikuonetsa kuthyoka, ambiri a inu chitenje ndi mafizo zimakwana. Apakatikatiwa, zaka 25 mpaka 30, nde mpofunika kukambirana ndithu, kutengera mmene mumaukhalitsira mkonowo.

Ngati opareshoni imathandiza choncho bwanji osangopanga aliyense?

Werenganinso manambala aja. Ngakhale mwa achinyamata alipo ambiri ndithu amene silibwerezanso. Mukang'amba onse ndiye kuti ena mwawang'amba ulele. Ndipo opareshoni si kumeta tsitsi, pali mankhwala ogonetsa, bala litha kulowa matenda, mtsempha utha kukhudzidwa, phewa litha kuuma osatembenukira kunja ngati kale, komanso mwaona nokha kuti olo osokedwawo ena limagulukabe. Onjezanipo miyezi yosagwira ntchito, thiransipoti, wokudikirira kuchipatala. Kwa munthu wa kabaza amene banja likudya za tsiku lomwelo imeneyo si nkhani yaing'ono.

Pali nthawi yoti opareshoni siyokambirananso?

Ilipo. Likakanika kulowa ndi manja. Likakhala kunja masabata ambiri. Chidutswa chachikulu cha fupa la pokhalira chikathyoka nkusuntha. Kachitunda ka pamwamba pa fupa la mkono, pamene pamagwira minofu, kakathyoka nkukhalabe patali olo phewa litalowa. Mnofu wonyamula mkono ukaduka mwa munthu amene akugwirabe ntchito. Mtsempha wa magazi ukaphulika, imeneyo nde ya usiku womwewo.

Mayi anga a zaka 58 anaterereka potsika ku Chawe atasenza nkhuni, phewa linaguluka. Nawonso lizibwereza?

Pepani nawo mayiwo. Kwa iwo kubwereza si kumene kukutidetsa nkhawa kwenikweni, munthu akapitirira zaka 40 mwayi woti ligulukenso umatsika kwambiri. Chowaopera ndi china. Pali minofu 4 imene imakuta mutu wa fupa lija ngati dzanja lafumbata lalanje, ndi imene imathandiza kukweza ndi kutembenuza mkono. Tikamakula nsonga zake zimafooka ngati chingwe chakale, nde phewa likaguluka mmalo mong'amba nkhata limadula zimenezo.

Chizindikiro chake nchoti patha masabata 2 kapena 3, ululu wachepa koma mkono sukukwera, akafuna kutenga kapu pa shelefu akumakweza phewa lonse ngati akukana mlandu, usiku sakugonera mbali imeneyo. Zikatero musati ndi ukalamba, abwerere kuchipatala akapimidwe, sikani ya ultrasound kapena MRI imaonetsa. Mnofu woduka chifukwa cha ngozi umasokeka bwino ukapezeka msanga, ukakhalitsa umafupika nkuthawira mkati.

China, akuluakulu phewa lawo limauma msanga. Asakhale mu chitenje mwezi wathunthu poopa.

Nde chitenjecho ndivale masiku angati?

Sabata imodzi mpaka 3, monga akuuzirani amene wakuonani. Kale ankati kumanga nthawi yaitali kumateteza, koma kafukufuku wa ku Sweden uja anaonetsa kuti omangidwa masabata 3 kapena 4 ndi ongovala masiku ochepa, kubwereza kwake sikunasiyane. Ntchito ya chitenje ndi kupumitsa mkono ululu uchepe basi. Tsiku lililonse muzitulutsa mkono, kuwongola chigongono, kufumbata ndi kutambasula zala. Mkhwapa muzipukuta, kukatentha ngati mu Okutobala mumatuluka zidzolo.

Ku Japan dokotala wina, Itoi, anabwera ndi nzeru yomanga mkono utaloza kutsogolo ngati ukupereka moni, mmalo mogona pamimba, akuti kankhata kaja kamakhala bwino pamalo pake. Ena atayesa zotsatira zinasakanikirana, ndipo tangoganizani kukwera minibasi ya ku Songani mkono uli chiimire choncho.

Chikhakha sichifunika pa phewa longoguluka. Anthu ena amakhumudwa akabwera opanda chikhakha ngati sanathandizidwe, ayi ndithu mwathandizidwa.

Mafizo amatani, ndipo ndikapanda kupita?

Mafizo sasoka chimene chang'ambika, tisanamizane. Chimene amachita ndi kulimbitsa minofu yozungulira phewa ndi ya pa fupa lophwatalala la kuseri kwa phewa kuti izigwira ntchito ya ulonda, komanso kuphunzitsanso phewa kudziwa pamene lili. Poyamba umawerama nkumalendewetsa mkono uzizungulira wokha pang'onopang'ono. Kenako kukwera khoma ndi zala ngati buluzi. Kenako kukankha khoma osasuntha mkono. Pambuyo pake kukoka labala, ine ndinkagwiritsa ntchito chubu chakale cha njinga nditachimanga pa chitseko, chigongono chitagunda mnthiti, kukokera kunja ka 15, kupuma, kubwerezanso.

Masabata 6 oyamba pewani kaimidwe kamene kanaligulula, kaja kokweza mkono mmbali nkuutembenuzira kumbuyo ngati mukuponya mwala kapena mukulumbira mkhoti. Povala malaya yambani ndi mkono wodwalawo, povula umalizire ndi womwewo.

Kwa amene mumakhala kutali, ku Jali, ku Mayaka kapena kunyanja ku Kachulu, nayi nkhani yokomerako. Ku UK anachita kafukufuku wa anthu 482 amene anatuluka mu 2024. Ena anakumana ndi wamafizo kamodzi kokha, anawalangiza bwino nkuwapatsa zochita kunyumba, ena anapitako maulendo angapo. Patatha miyezi 6 panalibe kusiyana kwenikweni. Nde pitani olo kamodzi, mumvetsetse, mujambule pa foni mmene akuchitira, kenako muzichita kunyumba mokhulupirika. Zikamakanika mubwerere.

Opareshoni yake amachita chani kwenikweni?

Yodziwika kwambiri ndi ya Bankart. Amabowola timabowo pa fupa mmphepete muja, amaikamo tizikhomo tating'ono tokhala ndi ulusi wolimba, nkumangirira kankhata kaja pamalo pake, zomangira zotayirira nkuzikunga. Ena amachita ndi kakamera kudzera mu timabala tating'ono 2 kapena 3, ena amang'amba kutsogolo kwa phewa. Musanyoze yong'ambayo, ndi yakale koma imagwira zedi, ya ku Denmark ndatchula ija inali yong'amba.

Fupa likakhala kuti latha, kusoka kokha sikugwira. Pamenepo pamabwera ya Latarjet, dokotala wa ku Lyon ku France amene anaiyamba mu 1954. Amadula kafupa kena kokhala ngati mlomo wa khwangwala kutsogolo kwa phewa lomwelo, nkukasamutsira pamene padyekapo, kukamanga ndi masikuluwu 2. Imeneyi nde yanga. Ndikanapita msanga mwina bwenzi ndili ndi ulusi chabe, pano ndili ndi zitsulo.

Ukatuluka ku fiyeta mkono umakhala mu chonyamulira masabata 4 mpaka 6, kenako mafizo miyezi. Mpira wogundana ambiri amaloledwa pakatha miyezi 4 mpaka 6. Amene amaganiza kuti opareshoni ndi njira yothawira mafizo alakwitsa, kumeneko nde amachuluka.

Kuno ku Zomba ndiyambire pati?

Ngozi ikangochitika, Zomba Central Hospital, kapena chipatala chilichonse chapafupi chimene chili ndi X-ray. Kuno kwathu ntchito yambiri ya mafupa amagwira ndi ma clinical officer a mafupa, maphunziro awo anayamba mu 1985, ndipo kubwezeretsa phewa ndi ntchito imene amaidziwa bwino. Madokotala akuluakulu a opareshoni ya mafupa ndi ochepa mdziko muno, ambiri ali ku Blantyre ndi ku Lilongwe, ku Queens, ku Beit CURE, ndi ku LION, chipatala cha mafupa chimene chili pa Kamuzu Central. Ife a ku Zomba mwayi wathu ndi woti Blantyre ndi pafupi, makilomita osakwana 70, umapita mmawa nkubwerako madzulo.

Pemphani kalata yokutumizani. Buku lanu lakuchipatala lisasowe, ndipo X-ray yoyamba ija, ya phewa lisanalowe, muijambule pa foni. Dokotala wa kutsogolo amaifuna kwambiri imeneyo chifukwa ndi umboni woti linagulukadi komanso kuti linapita mbali iti.

Pambali pa phewa pachita dzanzi, ndikatsina sindikumva. Ndalumala?

Mwina ayi. Pali mtsempha umene umazungulira khosi la fupa la mkono, phewa likaguluka umakokeka. Nde kunja kwa phewa, pamene asilikali amasokerapo baji, pamachita dzanzi ndipo mnofu waukulu wa pamenepo umafooka. Mwa ambiri zimabwerera zokha pa masabata kapena miyezi ingapo. Auzeni achipatala alembe m'buku, ndipo ngati patha miyezi 3 palibe kusintha, kapena phewa likuphwa, mukaonedwenso. Koma dzanja likazizira, kuyera kapena kuda, zala osayenda, musadikire kuti kuche.

Mchimwene wanga amadwala khunyu, atagwa phewa silikutembenuka koma X-ray akuti ili bwino

Abwerere, ndipo mukanene mawu oti anakomoka ndi khunyu. Kugwa khunyu ndi kugwidwa ndi magetsi kumatha kugululira phewa kumbuyo, osati kutsogolo, ndipo mtundu umenewu umabisala pa X-ray yojambula kuchokera kutsogolo kokha. Pamafunika ina yojambulira mmbali kapena mkhwapa. Chizindikiro chake mkono umakakamira pamimba, sangautembenuzire kunja olo pang'ono. Ndipo kwa iyeyu mankhwala a khunyu ndi mbali ya chithandizo cha phewa, chifukwa olo asoke bwanji, akagwanso zimaphwasuka.

Agogo akuti athowe ndi madzi otentha nkutema mphini

Masiku awiri oyamba bola chozizira, ayezi wokulunga mu kansalu mphindi 15, osati kuthowa. Mphini sizifika pa nkhata ija, zimangosiya mabala pakhungu pomwe mwina adokotala adzafune kudutsa ndi mpeni. Ine ndili nazo 8 paphewa, azakhali anga sanamve zokana. Linagulukabe.

Ndibwerera liti ku mpira, kumunda, pa njinga?

Osawerenga masiku okha. Yesani izi: mkono ukufika ponse pamene unzake ukufika, mphamvu zikufanana, ndipo mukaukweza ngati mukuponya mwala mtima sukudumpha. Mantha amenewo, oti ukamva ngati likufuna kutuluka, madokotala amawayeza dala, ndipo ngati alipobe pakatha miyezi 3 ya mafizo ndi chizindikiro choti mukakambirane za opareshoni olo lisanagulukenso.

Ntchito zopepuka za mmunsi, kulemba, kutsuka mbale, pakatha masabata 2 kapena 3 ambiri amayamba. Khasu, nkhwangwa, kutwika ndowa pamutu ndi kukweza matumba a chimanga dikirani masabata 6 mpaka 12, muyambe pang'ono. Kutwika kuja nkoopsa kuposa kusenza kwenikweniko, chifukwa mikono yonse imakwera mmwamba ndi katundu, pemphani wina akutwikeni. Kusambira ndi kupalasa bwato chimodzimodzi, phewa kugulukira pakati pa madzi ndi nkhani ina.

Nanga mnyamata wa ku Chinamwali uja mwamuuza chani?

Ali ndi zaka 18, ndi goloboyi, ndipo akulota zokayesa mwayi ku Red Lions. Ndinamuuza kuti mafizo ayambe pano, asaphonye, koma kalata yopita kwa dokotala wa mafupa aitenge sabata ino, asadikire lachiwiri. Bambo ake anati opareshoni ya chani mwana akutha kudya nsima ndi dzanja lomwelo. Ndinavula malaya pakhonde pawo pomwepo nkuwaonetsa chipsera changa ndi mphini 8 zija, ndinawauzanso za ulendo wachisanu, pamene linaguluka ndikungoyasamula mmawa pa mphasa. Anakhala chete kaye, kenako anafunsa kuti minibasi yoyamba ya ku Limbe imanyamuka nthawi yanji.